Kodi magetsi angakumbutse agogo dzina lanu?

Kuno ku Sadzi, m'munsi mwa phiri, kuli agogo ena aakazi amene ndimawadziwa. Mukawapatsa moni amayankha bwinobwino, kenako n'kufunsa kuti, "Ndiwe mwana wa yani iwe?" Mukawauza amavomera ndi mutu uku akumwetulira. Musanakhazikike n'komwe pamkeka, abwerezanso: "Paja ndiwe mwana wa yani?"

Chodabwitsa n'chakuti agogo omwewa akayamba kusimba zakale, muja Zomba inali likulu la dziko lino boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, saphonya kanthu. Amatchula mayina a anzawo onse amene ankapita nawo kunkhuni, amakumbukira amene anagwa ndi mtolo pamtsetse, ndi amene anaseka. Koma muwafunse ngati amwa phala m'mawa uno, akuuzani kuti palibe wawapatsa, mbale yake ili poteropo.

Ana ena amawaseka. Ena amawathawa chifukwa anamva akuluakulu akunong'onezana. Ndikuuzeni pomwe pano: agogowa si mfiti, ndipo palibe anawalodza. Akudwala matenda a ubongo otchedwa dimenshiya, amene ambiri amangoti matenda oiwalaiwala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mayiko osalemera ngati lathuli. Mtundu wofala kwambiri umatchedwa matenda a Alzheimer. Dzinali ndi la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene mu 1901 anayamba kusamalira mayi wina wa zaka 51 woiwala modetsa nkhawa mumzinda wa Frankfurt. Mayiyo atamwalira mu 1906, dokotalayo anapima ubongo wake ndi makina okulitsa zinthu, n'kupeza timibulu ta zinyalala pakati pa maselo, komanso tinthu topiringizika ngati ulusi m'kati mwa maselowo. Ndi zimene akatswiri amapezabe lero mu ubongo wa odwala matendawa.

Nanga bwanji zakale sizichoka, koma za m'mawa uno n'zimene zimathawa? Ganizani za nkhokwe. Chimanga cha chaka chatha chili kale m'kati, chakhala phee. Koma chimanga chatsopano chimafunika munthu wochisenza padengu kuchokera kumunda. Mu ubongo, wosenza denguyo ndi kachiwalo kotchedwa hipokampasi. Tilipo tiwiri, kena kumanja kena kumanzere, m'kati mwenimweni mwa mutu cha kufupi ndi makutu, ndipo kalikonse n'kopindika ngati kachala kakang'ono. Matenda a Alzheimer amakonda kuyambira cha kumeneko. Wosenza dengu akafooka, zatsopano zimatayikira m'njira, pamene zakale zikadali m'nkhokwe kwa zaka zingapo ndithu.

Mankhwala ochiritsiratu matendawa sanapezeke. N'chifukwa chake akatswiri akuyesa njira zosiyanasiyana, ndipo ina mwa izo imamveka ngati nthano: kudutsitsa timagetsi tochepetsetsa pamutu pa munthu, popanda kumung'amba, popanda jakisoni.

M'mutu mwanu muli kale magetsi

Mawu akuti nyesi mumawadziwa. Munthu akagwira waya wosenda timati wagwidwa ndi nyesi. Koma kodi mumadziwa kuti nyesi ndi nsombanso? Imapezeka kumunsi kwa mtsinje wa Shire ndi mu Zambezi. Ndi yonenepa, ya ndevu ngati mlamba, ndipo msodzi akaigwira chisawawa amaitaya yekha osauzidwa, dzanja lachita dzanzi. Nsomba zina za mtundu umenewu zimatulutsa mavolti oposa 300. Sizilipira bilu kwa ESCOM. Thupi lake lenilenilo ndi limene limapanga magetsiwo.

Anthu akale anazindikira kuti nsomba zoterezi zingakhale mankhwala. Pafupifupi zaka 2,000 zapitazo, sing'anga wina wa ku Roma dzina lake Scribonius Largus analemba kuti munthu amene mutu ukumuwawa kosalekeza amuike pamutu nsomba yamagetsi ya m'nyanja yamchere, yamoyo. Tangoganizani mwapita kuchipatala cha Sadzi kuti mutu ukupweteka, adokotala n'kutulutsa nsomba m'ndowa!

Patapita zaka zambirimbiri, mphunzitsi wina wa mumzinda wa Bologna ku Italy, Luigi Galvani, anaona kuti mwendo wa chule wakufa ukupalapata ukakhudzidwa ndi magetsi. Analemba zimenezi mu 1791. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kumvetsa kuti si nyesi yokha ili ndi magetsi. Chule ali nawo, mbuzi ili nawo, inunso muli nawo.

Ubongo wa munthu wamkulu sulemera kufika makilogalamu awiri, koma uli ndi maselo onyamula mauthenga pafupifupi 86 biliyoni. Anthu onse padziko lapansi alipo 8 biliyoni ndi pang'ono, ndiye kuti m'mutu mwanu muli maselo ochuluka kakhumi kuposa anthu onsewo. Selo lililonse lili ndi nthambi zake zokhudzana ndi anzake, ndipo likafuna kulankhula limatumiza kanyesi kakang'ono, kosakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya batire la tochi. Magetsi amenewa sachokera ku Nkula kapena ku Tedzani. Amapangidwa ndi timichere tosungunuka m'thupi, monga sodiyamu wa mumchere wa m'ndiwo ndi potaziyamu wa mu nthochi, tikamalowa ndi kutuluka m'maselo. Mauthenga ena amathamanga m'mitsempha pa liwiro loti angadutse bwalo la mpira m'sekondi imodzi. Ubongo wonse umadya mphamvu yokwana mawati 20, ngati babu laling'ono, ndipo sukhala ndi tsiku lothima.

Tsono pali china. Maselowa salankhula mwachipwirikiti ngati pamsika wa Mpondabwino Loweruka. Akachuluka amagunda limodzi, mwa kayimbidwe, ngati ng'oma za beni. Dokotala wina wa ku Germany, Hans Berger, ndi amene anayamba kujambula kugunda kumeneku pamutu pa munthu mu 1924. Pali kugunda kwapang'onopang'ono, kanayi mpaka kasanu ndi katatu pa sekondi, kumene akatswiri amakutcha theta. Pali kwina kofulumira, kopitirira ka 30 pa sekondi, kumene amakutcha gamma. Kuti mukumbukire chinthu, zigawo zotalikirana za ubongo zimayenera kugunda mogwirizana. Munaonapo gule woimba ng'oma wina akataya? Ovina amasokonezeka miyendo, ena amangoima n'kuyang'anana. Munthu akamakalamba, makamaka akadwala Alzheimer, ng'oma za m'mutu zimayamba kutayana chotero.

Ndiye akatswiri anadzifunsa: bwanji titawombera m'manja kuchokera kunja, kuti oimba ng'oma abwerere mumzere?

Kukankha katungwe

Makina ake si oopsa kuwaona. Ndi kabokosi kakang'ono koyendera batire, mawaya awiri kapena angapo, ndi masiponji oviika m'madzi amchere amene amawamangirira pamutu, kapena chipewa cha timabatani. Magetsi odutsamo amakhala miliampeya imodzi kapena ziwiri. Kuti mumvetse kuchepa kwake: tchaja ya foni imatulutsa ampeya imodzi kapena ziwiri, kutanthauza kuchulukitsa ka 1,000. Munthu amangomva kuyabwa kapena kunyerenyetsa pakhungu, ali maso, akucheza, ndipo pakatha mphindi 20 amavula chipewacho n'kumapita kwawo. Njira imeneyi inayamba kutchuka m'chaka cha 2000, pamene Michael Nitsche ndi Walter Paulus a ku Göttingen anaonetsa kuti timagetsi tochepa choncho timasinthadi kagwiridwe ntchito ka ubongo kwa kanthawi.

Musaganize kuti magetsiwo amalowetsa nzeru m'mutu monga mmene timathirira madzi m'chigubu. Ayi. Ambiri mwa iwo safika n'komwe ku ubongo. Akatswiri ena atayeza mu 2018 anapeza kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi amathera pakhungu ndi pachibade. Otsalawo ndi ofooka moti sangalamule selo kuti lilankhule. Amangolikankha pang'ono. Paja amati katungwe n'kukankhana, ndipo inu mukudziwa kuti wokankha safunika kukhala chimphona. Chofunika ndi nthawi yake. Mukakankha katungwe akamapita, amakwera. Mukakankha akamabwera, mugundana naye n'kugwa chagada.

Kafukufuku amene anatchuka kwambiri ndi wa Robert Reinhart ndi anzake a pa Boston University ku America, wofalitsidwa mu 2022. Anasonkhanitsa agogo 150, a zaka kuyambira 65 mpaka 88. Aliyense ankavala chipewa chija kwa mphindi 20 patsiku, masiku anayi otsatizana. Ali chivalire, ankamuwerengera mndandanda wa mawu 20, kenako n'kumuuza kuti atchule onse amene wagwira. Amene anawakankha pang'onopang'ono, kanayi pa sekondi, chakumbuyo kwa mutu, anayamba kugwira bwino mawu akumapeto kwa mndandanda, amene angowamva kumene. Amene anawakankha mofulumira, ka 60 pa sekondi, chakutsogolo kwa mutu, anagwira bwino mawu akumayambiriro, amene anafunika kusungidwa kanthawi. Atasinthanitsa, kugunda kofulumira kumbuyo ndi kwapang'onopang'ono kutsogolo, sipanaoneke phindu. Ng'oma iliyonse ili ndi gule wake. Patatha mwezi wathunthu, kusinthako kunali kuonekabe, ndipo amene anapindula kwambiri ndi amene poyamba ankaiwala kwambiri.

Panalinso gulu lina limene linavala chipewa chomwecho, koma makina ankangoyaka pang'ono n'kuzima, iwo osadziwa. Musati akatswiriwo ndi akathyali. Munthu akakhulupirira kuti walandira mankhwala amatha kumva bwino ngakhale wangomwa madzi a shuga. Popanda gulu la chipewa chabodzali, simungadziwe ngati chagwira ntchito ndi magetsi kapena chiyembekezo chabe.

Nkhaniyi ndi yokoma, koma ine ndimaimva ndi khutu limodzi lochenjera. Agogo a ku Boston aja sanali odwala dimenshiya, anali okalamba chabe. Ndiponso kugwira mawu 20 m'chipinda chabata si chimodzimodzi ndi kukumbukira njira yobwerera kunyumba kuchokera kuchigayo. Akatswiri atayesa pa odwala enieni, zotsatira zakhala zosiyanasiyana. Ku Norway mu 2016 anayesa odwala Alzheimer 25, ndipo panalibe kusiyana kooneka pakati pa olandira magetsi enieni ndi a chipewa chabodza. Ku Brescia, ku Italy, mu 2022 anayesa odwala 60 ndi kugunda kwa ka 40 pa sekondi kwa ola limodzi, ndipo atangomaliza ankakumbukira bwinoko. Wina akuti eya, wina akuti ayi. Sayansi imayenda choncho, mpaka anthu ambiri atayesedwa kwa nthawi yaitali.

Mitondo iwiri

Vuto lalikulu ndi lakuti wosenza dengu uja, hipokampasi, amakhala m'kati mwenimweni. Magetsi ochokera pakhungu amafika kumeneko atatheratu mphamvu. Mukati muwonjezere, mupsereza khungu ndi kusokoneza zigawo zapamwamba zimene zilibe mlandu. Madokotala angathe kuboola chibade n'kulowetsa waya, ndipo amachitadi zimenezo pa matenda ena onjenjemeretsa otchedwa Parkinson. Koma ndani angafune kuboola mutu wa agogo ake?

Apa m'pamene panabwera nzeru imene ine ndimaikonda koposa zonse, ndipo mungaimvetse mutaima pafupi ndi amayi awiri akusinja, aliyense mumtondo wake. Tiyerekeze kuti amayi anu akugunda ka 20 pa mphindi, azakhali anu ka 25. Ayambira limodzi: du! Kenako misi iyamba kusiyana, wina patsogolo wina pambuyo, du-du, du-du. Pakapita kanthawi ikumananso, du! wamphamvu, pansi mpaka kunjenjemera. Mukawerenga bwino mupeza kuti pa mphindi imodzi misi ikumana kasanu. Chotsani 20 pa 25, yankho lake ndi lomwelo. Palibe mayi amene akusinja kasanu pa mphindi, koma khutu la munthu woima pakati likumva kugunda kwachitatu, kochedwa, kumene kwabadwa pa awiriwo.

Nir Grossman ndi anzake anachita zomwezi ndi magetsi. Anayamba ndi mbewa ku MIT ku America mu 2017. Mu 2023, iye ali ku Imperial College London, pamodzi ndi Ines Violante wa ku University of Surrey, anaonetsa kuti zimathekanso pa anthu. Mbali ina ya mutu anadutsitsa magetsi ogunda ka 2,000 pa sekondi, mbali ina ogunda ka 2,005. Maselo a ubongo sangatsatire liwiro lotero. Kwa iwo kuli ngati kulira kwa udzudzu, sangavine. Choncho magetsiwo amadutsa zigawo zapamwamba osazidzutsa. Koma m'kati, pamene mitsinje iwiri ya magetsiyo yakumana, pamabadwa kugunda kwachitatu: 2,005 kuchotsa 2,000, kasanu pa sekondi. Ameneyo ndi theta, ng'oma imene hipokampasi amaidziwa bwino. Akatswiriwo amasuntha malo okumanirawo pongosintha mphamvu ya mbali iyi kapena iyo, mpaka atalunjika pamene akufuna.

Anayesa pa anthu 20 abwinobwino, akuwaonetsa zithunzi za nkhope ndi mayina ake kuti aloweze. Makina ojambula ubongo anaonetsa kuti hipokampasi wakhudzidwadi, ndipo atayesa pa anthu ena n'kuwakankha kwa nthawi yotalikirapo, anthuwo anakumbukira mayina bwinoko pang'ono. Nkhope ndi dzina: si funso lomwe lija la agogo a ku Sadzi? N'chifukwa chake gululi linapitiriza kukayesa njirayi pa anthu amene angoyamba kudwala Alzheimer.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa pali kanthu kena kokhudza mitu yathu ife. Timabatani tojambulira magetsi a ubongo tinapangidwa poganizira tsitsi lowongoka. Pa tsitsi lathu lopotana ndi lothithikana, timalephera kukhudza khungu bwino, ndipo chifukwa cha ichi anthu akuda ambiri ankasiyidwa pa kafukufuku. Mtsikana wina wophunzira pa Carnegie Mellon University ku America, Arnelle Etienne, ataona zimenezi anapeza yankho limene mlongo wanu wodziwa kuluka akanalipeza: kuluka tsitsi m'mizere, khungu n'kuonekera pakati, kenako n'kupanga timabatani togwira pa mizereyo. Nzeru zina sizichokera m'buku.

Tsopano tcherani khutu, makamaka anyamata inu okonda kumasula mawailesi. Musayerekeze kuika waya pamutu panu, pa mnzanu, pa agogo, ngakhale pa galu. Osati wa batire, osati wa sola, osati wa tchaja. Magetsi a pakhoma ndi a mavolti 230, ndipo amapha pomwepo. Makina a akatswiri aja ali ndi kachipangizo koletsa magetsi kupyola muyeso, ndipo pamakhala madokotala oyang'anira. Ngakhale iwowo akadali pa kafukufuku. Wina akabwera pamsika ndi kabokosi ka mawaya n'kumati kamachiritsa kuiwala, ameneyo akufuna ndalama za makolo anu basi.

Chimene chilipo lero, ndipo chili pafupi, ndi chipatala. Si kuiwala konse kumene kuli dimenshiya. Kwina kumabwera chifukwa cha kuchepa kwa mavitamini m'thupi, kukhumudwa kwambiri, mowa, kapena matenda ena ochiritsika. Ife a ku Zomba tili ndi mwayi, chifukwa kuwonjezera pa Zomba Central Hospital tili ndi Zomba Mental Hospital, chipatala chachikulu cha boma choona za matenda a maganizo ndi ubongo. Kupita kumeneko si manyazi. Kuyezetsa kuthamanga kwa magazi n'kumwa mankhwala ake kumatetezanso ubongo, chifukwa mtundu wina wa dimenshiya umayamba timitsempha ta magazi ta m'mutu tikawonongeka. Ndipo wina akamanena agogo oiwala kuti ndi mfiti, dziwani kuti akuphwanya lamulo: lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Agogo akapezeka pakhomo pa eni usiku, si kuti atsika pa lichero. Asokera, akufunafuna nyumba imene ankakhala ali mtsikana. Agwireni dzanja, muwaperekeze.

Akakufunsani kachisanu kuti ndinu mwana wa yani, ayankheni kachisanu. Kwa iwo funsolo ndi loyamba. Osawapanikiza ndi mafunso a "mwaiwala kodi?" M'malo mwake tsegulani nkhokwe ija: afunseni za gule amene ankavina, kapena za mitengo imene inali paphiri la Sadzi anthu asanaidule. Mudzaona nkhope ikuwala.

Masewera a mawu 20 aja sewerani ndi anzanu a kusukulu, osati ndi agogo odwala. Sipafunika waya. Mmodzi awerenge mokweza, liwu limodzi pa sekondi iliyonse, kamodzi kokha: khasu, mvula, njinga, bakha, mpeni, mwezi, choko, mphasa, nyerere, belu, chigumu, fumbi, singano, mlatho, kalulu, ndowa, utsi, nsapato, mango, chitseko. Akamaliza, aliyense alembe amene wagwira, osaonerana. Kenako werengani kuti liwu lililonse lagwidwa ndi anthu angati. Mupeza kuti khasu ndi mvula agwidwa ndi ambiri, chifukwa anapeza mpata wolowa m'nkhokwe. Mango ndi chitseko nawonso, chifukwa akadali padengu. Ovutika ndi apakati, monga belu, fumbi ndi singano.

Koma chigumu chikagwidwa ndi aliyense ngakhale chili pakatikati, yang'anani dzuwa. Mwina mwasewera nthawi ya nkhomaliro itayandikira.